Sukulu ya ku Dibi

Tsiku limene Esnath anabwerera kusukulu atataya mayi ake, anapeza dzina lake litadulidwa ndi mzere wofiira.

Anali mu Fomu 4. Masabata asanu anawathera kuchipatala akudwazika mayi akewo, ndipo sabata yachisanu ndi chimodzi inali ya maliro. Mphunzitsi wa kalasi anangotembenuza kaundula, buku loitanira mayina lija, kuti mtsikanayo adzionere yekha.

"Mulibemo," anatero mphunzitsiyo. "Mayina a olemba mayeso anapita kale. Mwina zasukuluzi si zako, mwanawe."

Esnath anaima pakhomo la ofesi kudikira funso limodzi lokha, lakuti unali kuti. Yankho anali atalikonza njira yonse. Funsolo silinabwere.

Ngati nanunso munauzidwapo kuti mulibemo, nkhani iyi ndi yanu.

Zaka zitatu zotsatira anazithera m'mbali mwa msewu waukulu pa Biriwiri, paja ukangowoloka phula wafika ku Mozambiki, akuthamangira mabasi ndi mitu ya kabichi m'manja. Nthawi zina pawindo pankatulukira nkhope ya mnzake wa m'kalasi akupita ku koleji. Ena ankayang'ana kumbali. Ena ankagula osanenerera n'komwe, ndipo awa ndi amene ankamupweteka kwambiri.

Mabuku ake oyamba anawapeza kwa mayi wina wogulitsa zitumbuwa amene ankang'amba mabuku akale n'kumakulungira malonda. Esnath ankamubweretsera nyuzipepala zotha ntchito, mayiyo n'kumupatsa mabukuwo. Buku la Bayoloje linayambira pa tsamba 41. Zimene zinali patsogolo pa tsambalo zinadyedwa ndi zitumbuwa.

Anthu a pamsika sanakhulupirire kuti munthu angawerenge buku popanda chifukwa chobisika. Ena ankati pali mwamuna wophunzira amene wamulonjeza banja. Ena ankati imfa ya mayi ake yamusokoneza mutu. Iye ankangotembenuza tsamba.

Analowa sukulu yamasana. Atalemba mayeso koyamba, masamu anamugwetsa. Analembanso chaka chotsatira, n'kukhoza. Anapita ku koleji ya aphunzitsi ali wamkulu kuposa onse m'kalasi mwake, kenako anaphunzitsa zaka khumi ndi chimodzi ku Sharpevale, kuchigwa kotentha kuja kumene choko chimamata m'zala ndi thukuta.

Ndiye kunabwera kalata yomukweza kukhala mphunzitsi wamkulu pa sekondale ina yoyendera, kumapiri a kumtunda kwa Biriwiri. Dzina la sukuluyo ndilisunga, chifukwa eni nkhani akadalipo ndipo ena a iwo amawerenga.

Anafika mu Januwale, mvula ili mkati. Sukulu inali yaukhondo mochititsa mantha. Mpanda wa nkhadze unazungulira konse, geti linali ndi loko wamkulu ngati chibakera, ndipo kuseri kwa makalasi kunali maenje a zinyalala ambiri kuposa zinyalala zimene pasukulupo zikanapezeka.

Aphunzitsi anamulandira ndi manja awiri, koma maso sanagwirizane ndi manjawo. M'chipinda cha aphunzitsi nkhani zinkatha iye akangolowa. Wadziwana ndi ndani kulikulu? Si mtsikana wa kabichi uja ameneyu? Watumizidwa kudzafufuza ndani?

Amene sankanong'ona anali a Paison, wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu. Anali ataphunzitsa masamu pasukulupo zaka khumi ndi zinayi, ndipo aliyense, kuphatikizapo iwo eni, ankadziwa kuti mpandowo unali wawo. Sanali munthu woipa. Ankafika pantchito mlonda asanatsuke kumaso, ndipo ankakhulupirira wotchi kuposa munthu aliyense wamoyo.

Lolemba la sabata yachiwiri a Paison analowa mu ofesi ndi pepala ndi cholembera chofiira. Zonse ziwiri anaziika patebulo mwaulemu.

"A Hedi, awa ndi ana 23 a Fomu 4. Aliyense wajomba masiku opitirira makumi atatu chiyambire chaka cha sukulu. Lamulo limene tinagwirizana ndi komiti ya makolo likuti achotsedwe. Mayina a olemba mayeso akupita Lachisanu la sabata yamawa. Pangofunika dzanja lanu."

Esnath anayang'ana cholemberacho osachikhudza.

"Kodi anawa ali kuti?"

"Kulikonse kupatula kuno."

"Munawafunsa?"

"Mwana wojomba ukamufunsa amati m'mimba. Onse 23, m'mimba. Chipatala chikanadziwa chikanatumiza ambulansi." A Paison anawongola tayi. "Ali kutsidya kwa msewu, a Hedi. Makolo awo amawatuma kukapalira mbatatesi za a ku Mozambiki, ndiye n'kumabwera kuno kudzatinamiza."

Esnath anaitanitsa makolo angapo. Nkhani yawo inali ina. Mayi wina analumbira kuti mwana wake amachoka kunyumba tsiku lililonse atavala yunifolomu, chimanga chokazinga chili m'thumba, ndipo madzulo amabwera ndi makope olembedwa. Ngati sakufika, ndiye aphunzitsi ndi amene afotokoze bwino.

Wapampando wa komiti, a Obed, mlimi wa mbatatesi wamawu aakulu, anabwera okha panjinga yawo. Mwana wawo wamkazi, Sellina, anali pa nambala 17 pa pepala lija.

"Ine ndikudziwa, aphunzitsi aakulu," anatero a Obed akugogoda tebulo ndi chala. "Ndi anyamata a kabaza awa. Kapena madalaivala a mathiraki. Dulani, musandionere nkhope. Lamuloli ndinalipanga nawo ndine. Akachotsedwa, ine ndimupezera banja asanandichititse manyazi."

Choncho aphunzitsi ankakayikira makolo, makolo ankakayikira aphunzitsi, ndipo onse pamodzi ankakayikira ana. Koma palibe mmodzi amene anaonapo ndi maso ake mwana wa pa pepalalo m'munda wa mbatatesi, pa njinga ya kabaza kapena m'thiraki. Ana 23 ankachoka kunyumba m'mawa, osafika kusukulu, n'kubwerera madzulo ndi makope odzaza. Penapake pakati pa nyumba ndi geti, dziko linkawameza.

Esnath anayamba ndi zimene zinali pafupi. Anatenga mafayilo n'kuona midzi ya anawo. Onse 23 ankachokera kutsidya kwa mtsinje umodzi. Anawerenganso masiku ojombawo mmodzimmodzi. Kukakhala ng'amba ankabwera bwinobwino. Mvula ikagwa, m'mimba muja munkayamba.

Panalinso dandaulo la mphunzitsi wosunga katundu: choko chinkasowa. Osati bokosi lonse ayi, koma tizidutswa totsala pa bolodi, tomwe wakuba wanzeru sangataye nato nthawi.

Ndiye panabwera nkhani ya mayeso oyesera a sabata yapitayo. Sellina, amene anali atajomba masiku 34, anatulukira tsiku la mayeso a Bayoloje n'kupeza malikisi 81, kuposa aliyense m'kalasimo.

"Likasa," anatero a Paison nthawi yomweyo, kutanthauza tizipepala tobera mayeso. "Kapena pali mphunzitsi amene akumupatsa mafunso, ndiye tifunse kuti akulipira ndi chiyani."

Mphunzitsi wa Bayoloje, mnyamata wongokwatira kumene, anatuwa milomo.

Esnath anaitana Sellina mu ofesi. Anali mtsikana wamfupi, wamaso osathawa, nsapato zake zili ndi dothi lofiira lomwe pasukulupo panalibe. Anamukhazika patsogolo pake, n'kumulembera mafunso ena khumi ochokera m'mutu mwake. Mtsikanayo anakhoza asanu ndi anayi.

"Sunabere," anatero Esnath. "Ndiye umaphunzira kuti?"

"Kunyumba, Madamu."

"Notsi zimene aphunzitsi analemba pa bolodi Lachiwiri la sabata yatha, tsiku limene iwe kunalibe, zinafika bwanji kunyumba kwanu?"

Sellina anayang'ana pawindo.

"Ukakhala kuti suli kuno, umakhala kuti?"

"Ndimadwala m'mimba, Madamu."

Analankhula mwaulemu, manja ali kumbuyo, koma nkhope yake inkanena kuti mafunso okoma ngati amenewa anawamvapo kale, ndipo amadziwa kumene amathera.

Esnath anazindikira kuti mu ofesi samvamo chilichonse. Lachitatu m'mawa, mvula itagwa dzulo lake, anakwera kabaza kulowera kutsidya kwa mtsinje, n'kutsikira patali ndi midzi. Anavala chitenje chakutha, mpango kumutu, n'kusenza beseni la kabichi. Zaka zitatu za pamsewu zinamuphunzitsa chinthu chimodzi chimene koleji sinadziwe: mayi wosenza kabichi palibe amene amamuyang'ana kumaso.

Anawapeza anawo pamtsinje. Madzi anali odzaza, ofiira, ndipo anawo anakhala pamiyala nsapato zili m'manja, kudikira kuti kuyere bwino aone powolokera. Atayamba kuwoloka anagwirana manja atatuatatu, makope ali pamutu. Esnath anawoloka pambuyo pawo, madzi akumufika m'ntchafu.

Kenako chitunda. Anawo ankakwera mothamanga, osalankhulana. Atatsala pang'ono kufika pamwamba, kuchokera patali m'chifungamo, kunamveka belu la sukulu, chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo. Inali 7:30.

Onse anaima ngati awombedwa ndi mphenzi. Panalibe wodandaula, panalibe wofunsa mnzake. Anangotembenukira kumanzere, n'kulowa kanjira ka m'mabulugama kamene munthu wosakadziwa sakanakaona.

Esnath anawatsatira chapatali. Kanjirako kanatsikira kudambo, n'kukathera pa dibi lakale, pamene makolo ankasambitsira ng'ombe kupha nkhupakupa kale ng'ombe zili zambiri. Malata ake anali adzimbiri koma akadalipo. Anatula beseni kuseri kwa tchire n'kusuzumira.

Anawo anakhala m'mizere pa njerwa. Khoma la simenti la dibilo linali litapakidwa makala mpaka kuda bii, ndipo pakona pake panali ndondomeko ya maphunziro ya sabata yonse, yolembedwa ndi choko. Sellina anaima kutsogolo ndi kope.

"A Loya?"

"Ndilipo!"

"A Injiniya?"

"Ndilipo, koma ndanyowa."

"Injiniya wanji wolephera kumanga mlatho? A Nesi?"

"Tilipo awiri, nenani kuti uti."

"A Payiloti?"

"Sanabwere, ndege yawo yatitimira m'matope."

Anaseka onse. Umu ndi mmene ankaitanirana mayina: aliyense ndi ntchito imene ankailota. Sellinayo anzake ankamutchula kuti a Dokotala. Atatha, mnyamata amene anali Injiniya uja anapita pakhoma n'kuyamba kulemba masamu a dzulo lake.

Esnath anatuluka m'tchiremo n'kuvula mpango.

Dibi linapasuka. Ena analumpha khoma, ena anathawira m'bango, makope ali mbwee. Anatsala Sellina yekha, choko chili m'manja.

"Ndiye kuno n'kuchipatala kwa a m'mimba," anatero Esnath.

"Mwatipeza, Madamu. Kalembeni."

"Sindinabwere ndi cholembera. Ndabwera ndi funso. Belu likalira muli pachitunda, kuchokera pamenepo kufika pageti ndi mphindi khumi ndi zisanu basi. Bwanji osangofika?"

Sellina anamuyang'ana ngati akufuna kuona ngati akumuseka.

"Madamu, simukudziwadi? Mukachedwa, ngakhale ndi mphindi zisanu, pageti amakupatsani khasu. Mumakumba dzenje lofika m'khosi mwanu. Limatenga masiku atatu, ndipo simulowa m'kalasi mpaka litatha. M'manja mumatuluka matuza, cholembera osagwirika. Koma mukajomba tsiku lonse, mawa lake mumangoti m'mimba, amakuuzani kuti khala pansi. Inuyo mukanasankha chiyani?"

Esnath anakhala pa njerwa. Masamu ake anali osavuta. Kuchedwa mphindi zisanu, chilango masiku atatu. Kujomba tsiku lonse, chilango palibe. Sukulu yonse ya anthu ophunzira inakhala zaka zambiri osawaona masamu amenewa, koma ana anawapeza sabata yoyamba.

"Nanga notsi?"

"Anzathu amene alowa amatiponyera makope pamwamba pa mpanda nthawi ya buleki. Timatsalira ndi tsiku limodzi lokha."

"Bwanji simunanene?"

"Tinanena chaka chatha. Anatiuza kuti tizidzuka msanga. Mtsinje uja simungawoloke kuli mdima, Madamu, unatenga mwana wa pulayimale chaka chinacho. Ndipo amene anatilankhulira uja anamupatsa chitsa choti azule chifukwa cha mwano."

Anawo anayamba kubwerera mmodzimmodzi, koma anaima patali, okonzeka kuthawanso.

"Ndikufuna makolo anu ndi aphunzitsi adzaone malo ano," anatero Esnath.

"Ayi!" Mawuwo anachokera mbali zonse.

"Ndi msampha umenewo," anatero Injiniya ali kuseri kwa mzati. "Akufuna atigwire tonse pamodzi."

Sellina anafinya maso. "Madamu, mwabwera mobisala, mwavala ngati mayi wa kumsika. Lero mukuti tikukhulupirireni?"

"Usandikhulupirire. Ndikakunamizani mudzasamuke, madambo ndi ambiri. Koma Lachisanu la sabata yamawa mayina akupita, ndipo anu onse ali pa pepala loti ndidule. Mayeso a boma salembera ku dibi, a Dokotala. Mzere wofiirawo ndimaudziwa. Unadutsapo pa dzina langa."

Mvula inayamba kuwaza pamalata.

"Bwerani nawo," anatero Sellina pomaliza. "Koma ababa akanditengera kubanja, mudzadziwe kuti ndi inu."

Mwina mukuganiza kuti mphunzitsi wamkulu akanangolamula kuti geti litsegulidwe, nkhani n'kutha. Esnath anayesa kaye njira yofatsa. Anafunsa a Paison ngati chilango cha maenje sichingachepetsedwe.

"Mukatsegula geti limenelo, sukulu ino isanduka msika," anayankha. "Ndipo komiti siingalole. Ndikuchenjezeni ngati mnzanu, a Hedi: kalata yokudandaulani ena ayamba kale kuilemba."

Lamulo linapangidwa ndi anthu ambiri, ndipo mlendo wa masabata atatu sakanalithyola yekha. Akanalithyola, akanasamutsidwa teremu isanathe, loko n'kubwerera pageti. Pankafunika kuti eni lamulo alilawe.

Analemba makalata oitana makolo onse a Fomu 4 kumsonkhano, Lachinayi, kutatsala tsiku limodzi kuti mayina apite. Pansi pa kalata analemba ndi zilembo zazikulu kuti msonkhano udzayamba 7:30 m'mawa, ndipo malamulo onse a sukulu adzatsatidwa. Palibe amene anaziganizira kawiri. Kwathu kuno msonkhano wa 7:30 umayamba anthu akakwana.

Lachinayi kunacha ndi mvumbi. Belu litalira, Esnath anauza mlonda kuti atseke geti, n'kundandalika makasu onse a sukulu m'mbali mwa mpanda. Mkati munali makolo anayi okha, onse okhala pafupi.

Oyamba kuchedwa anafika cha m'ma 8 koloko, mathalauza atanyowa mpaka m'mawondo.

"Takulandirani, makolo," anatero Esnath ali mkati mwa geti. "Mwachedwa ndi theka la ola. Lamulo lathu mukulidziwa. Aliyense atenge khasu, mlonda akuonetsani pokumba."

"Mukunena ife?" anafunsa bambo wina wa imvi. "Mtsinje unali wodzaza!"

"Mukanadzuka msanga, bambo."

A Paison anamuyandikira, nkhope itagwa. "A Hedi, mwapenga kodi? Awa ndi akuluakulu."

"Lamulo silinatchule zaka, aphunzitsi. Ndaliwerenga katatu."

Phokoso linakula. Mayi wina anabwerera chothamanga kukachenjeza amene anali m'mbuyo. Kuchokera pageti, anthu ankaoneka akutulukira pachitunda paja, kuima, kumvetsera uthengawo, kuyang'ana mzere wa makasu, kenako n'kuzimiririka. Pofika 9 koloko pageti panali makolo khumi ndi mmodzi okwiya. Oitanidwa anali oposa makumi asanu ndi limodzi. Wapampando sanaoneke.

Apo Esnath anatsegula geti yekha, n'kugwada pamatope pamaso pa bambo wa imvi uja.

"Pepani, makolo anga, ndakulakwirani dala. Palibe amene akumbe. Koma ndikupempheni chinthu chimodzi: tiyeni tikafune anzathu amene asowa panjira. Aphunzitsi, tiyeni nanu."

Anatsika onse, ena akung'ung'udzabe. Kuseri kwa chulu anapeza amayi awiri atafunda chitenje chimodzi.

"Bwanji simunafike kumsonkhano, amayi?" anafunsa Esnath.

Wamkuluyo anayang'ana pansi. "M'mimba, aphunzitsi. Mwangondiyamba mwadzidzidzi."

Wina kumbuyo anaphulika ndi chiseko. A Paison sanaseke. Anaima n'kumuyang'ana mayiyo nthawi yaitali.

Pachitunda, mapazi ambiri ndi tayala la njinga zinakhotera kumanzere. Anthu othawa makasu, mvula ikuwanyowetsa, anaona kanjira kopondeka bwino kolowa m'mitengo, n'kukatsata kufuna pousa. Esnath sanafunikire kulondolera munthu.

Atafika ku dibi anapeza makolo pafupifupi makumi atatu ataunjikana kumbuyo, chete ngati m'tchalitchi. Kutsogolo kwawo ana awo anakhala pa njerwa. Pakhoma panali chithunzi chachikulu cha mtima wa munthu, ndipo Sellina anali kufotokoza mmene magazi amayendera. A Obed anali ataima pakhomo, atagwira njinga yawo, pakamwa pali yasa.

Bambo wina anawanong'oneza obwera kumenewo zimene zinachitika. A Obed atangotulukira n'kumuona mwana wawo anakuwa kuti, "Sellina! Ukutani kuno?" Mtsikanayo, choko osachisiya, anayankha kuti, "Mwachedwa, ababa. Khalani kumbuyoko, kuno sitikumbitsa."

A Paison anadutsa pakati pa anthu. Anayenda m'mbali mwa khoma, manja kumbuyo, ngati woyendera sukulu. Anawerenga ndondomeko ya maphunziro. Anawerenga mndandanda wa Maloya ndi Manesi. Ndiye anafika pa masamu, n'kuima. Anali masamu awo, a Lachitatu, mmene anawalembera pa bolodi.

"Analemba apa ndani?"

Injiniya anaimirira. "Ndine, aphunzitsi."

"Mzere wachitatu walakwitsa. Bweretsa choko." Anakatembenuza m'manja kachidutswako. "Choko changa ichi."

"Inde, aphunzitsi."

"Tikambirana."

Anafufuta mzerewo ndi mkono wa jekete lawo labwino, n'kuyamba kufotokoza. Mtsikana wina anakweza dzanja. Anamuyankha. Wina anafunsanso. Makolo anayamba kukhala pansi. A Paison anaphunzitsa mphindi makumi anayi m'dibi la ng'ombe, ndipo kwa nthawi yoyamba pa moyo wawo sanayang'ane wotchi.

Atamaliza anapukuta manja n'kutembenukira kwa makolo.

"Ana awa ndawalemba kujomba ndi dzanja langa. Ndinkati ali ku mbatatesi. Koma mafunso amene andifunsa lero, a m'kalasi mwanga sanandifunsepo." Anayang'ana kwa anawo. "Maenje aja ndinayambitsa ndine."

Msonkhano unachitikira pomwepo. Sunali wophweka. Panali amene anati ana aphunzira kunama ndipo alangidwe ndithu. A Obed anayang'anitsitsa chithunzi cha mtima chija. Pomaliza anaimirira.

"Ine ndakalamba ndi mtsinje umenewu, ndipo lero wandichedwetsa. Nditaona makasu ndinathawa, sindikubisa. Amene akufuna kudula dzina la mwana, ayambe wakumba dzenje lake la lero."

Palibe anadzipereka.

Anagwirizana kuti geti lisamatsekedwe. Wochedwa azilowa m'kalasi mwakachetechete, n'kubweza nthawiyo masana powerenga, osati ndi khasu. M'miyezi ya mvula, ola loyamba likhale lobwereza zakale, kuti ochokera kutali asaphonye phunziro latsopano. Ndipo dzina la mwana lisadulidwe mphunzitsi asanafike kwawo kwa mwanayo ndi mapazi ake.

A Paison anavomera teremu imodzi yokha, yoyesera. Anagula kope lawolawo loti azilembamo umboni wa tsiku limene sukulu idzasanduke msika. Za choko sanaziiwale: Injiniya anapukuta mabolodi onse mwezi wathunthu.

Lachisanu mayina anapita, onse 23 ali momwemo.

Sindikunamizani kuti zonse zinatha bwino. Atsikana awiri anali atatopa kale, ndipo anakwatiwa mayeso asanafike, ngakhale Esnath anapita kwawo kanayi. Mwa 21 amene analemba, anakhoza 15. Kalata yodandaula ija inatumizidwabe, ndipo Esnath anakayankha mafunso ku ofesi ya maphunziro kawiri. Aphunzitsi ena mpaka lero amati ali ndi zolinga zobisika.

Koma mvula yotsatira isanagwe, makolo anadula mabulugama n'kuyala ulalo pamtsinje paja, a Obed akulamula ndi mawu awo aakulu aja. Sellina pano ali ku koleji ya zachipatala. Bambo ake amauza aliyense pamsika kuti iwo ankadziwa kuyambira kale kuti mwanayo ali ndi mutu.

Inu amene mwapatsidwa udindo woyang'anira ana a anthu, kukayikira n'kosavuta, sikufuna kunyowa miyendo. Mwana akasowa, musathamangire kumuweruza muli pampando. Nyamukani mukayende njira imene iye amayenda, mwina mukapeza kuti chimene akuthawa si sukulu ayi, koma lamulo lanu.

Ndipo iwe amene akutsekera kunja, amene akunena kuti ndiwe waulesi pomwe sakudziwa mtsinje umene umawoloka, usasiye kuphunzira. Ngati bolodi palibe, khoma lilipo. Ngati mphunzitsi palibe, mnzako alipo. Amene akudzafunsa kuti uli kuti ali m'njira, ndipo akadzafika akupeze uli ndi kope m'manja.

Osataya mtima.